Masiku atatu ku Chingola

Pali mnzanga wina amene takhala tikukangana za nyimbo chiyambire ku sekondale, ndipo palibe tsiku limene mmodzi wa ife adavomerapo kuti wagonja. Loweruka lina adafika kwathu ali wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu. Akuti, "Aise, ndapeza chimbale cha psychedelic cha konkuno ku Africa, azungu akuchitamanda mpaka kukhetsa dovu, iwe wodzitcha katswiri sunachimvepo." Atachiyika ndidaseka. Chidali Africa cha anyamata a Amanaz a ku Kitwe, cha mu 1975, chomwe chija malume anga amene adagwirako ntchito ku migodi ya ku Zambia ankaliza pa galamafoni mpaka singano kubuntha. Koma kusekako sikudapite patali. Nyimbo zidali zomwezo, oyimba omwewo, koma mawu ankamveka ngati akuchokera kutsidya la dambo m'mawa wa mu June, nkhungu isanachoke. Pa chimbale cha malume chija woyimba ankamveka ngati wakhala nawe pa mkeka umodzi. Ndidati wagula chabodza. Iye adati makutu anga ndi amene akalamba.

Tonse tinkanena zoona, kupatula za makutuzo. Chimbalechi chidatuluka ku Zambia m'mitundu iwiri. Nyimbo ndi zomwezo, koma posakaniza mawu a pa tepi padatuluka mbale ziwiri zosiyana kamvekedwe. Ina ndi youma: ng'oma ndi mawu a woyimba zili patsogolo, palibe chopakapo. Inayo adayithira reverb, kulira kotsalira kumene kumachititsa munthu kumveka ngati akuyimba m'tchalitchi chachikulu mopanda anthu. Mu 2015 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idatulutsanso zonse ziwiri pamodzi n'kusiyira ogula kuti asankhe okha. Ine ndidasankha youma, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, poti kusankhako si nkhani ya makutu chabe. Kukukhudza funso loti chimbalechi n'chiyani kwenikweni, komanso ngati dzina limene alendo achipatsa likuchiyenera.

Tiyambe ndi dzinalo. Liwu loti psychedelic adalipeka mu 1956 ndi Humphry Osmond, dokotala wa matenda a maganizo wa ku England amene ankagwira ntchito ku Canada, pofotokoza zimene mankhwala onga LSD amachita m'mutu mwa munthu. Patatha zaka khumi, oyimba a ku London ndi San Francisco adalitenga n'kuliyika pa nyimbo zofuna kutsanzira chizungulire chimenecho. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles, cha mu 1967. Taonani m'mene chidapangidwira. Anyamatawo adali atasiya kuyimba pamaso pa anthu mu August 1966. Adadzitsekera mu situdiyo ya EMI pa Abbey Road kuyambira kumapeto kwa chaka chimenecho mpaka April 1967, maola pafupifupi 700, ali ndi George Martin ndi katswiri wa makina Geoff Emerick. Makina awo adali a mizere inayi yokha pa tepi, choncho ankajambula zinayi, kuziphatikiza kukhala chimodzi pa tepi ina, n'kupezanso malo owonjezera zina. Kufulumizitsa tepi, kuichedwetsa, kuidula n'kuilumikizanso, kuitana gulu lonse la oyimba zeze za chizungu ndi malipenga. Zotsatira zake zidali nyimbo zimene anthu anayi sakadatha kuziyimba pa nsanja. Chizungulire chimenechi chidagulidwa ndi nthawi, ndipo nthawi ya mu situdiyo imagulidwa ndi ndalama.

Tsono bwerani ku Kitwe.

Amanaz idayamba mu 1973. Dzinali ndi zilembo zoyamba za chiganizo cha Chingerezi, Ask Me About Nice Artistes in Zambia, mwachizolowezi cha magulu a kumeneko nthawi imeneyo. Anzawo a WITCH nawonso dzina lawo lidali chidule cha chiganizo. Adalipo asanu: Keith Kabwe pa mayiki, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, ndi Watson Lungu pa ng'oma. Kitwe ndi tauni ya mgodi wa Nkana, pakati penipeni pa Copperbelt, kumene kunkakumana mitundu yonse: Abemba, Alamba, Ansenga, Achewa, anthu a ku Malawi kuno, a ku Tanzania, a ku Congo, kuphatikizapo azungu a pa migodi amene ankabwera ndi mbale za Jimi Hendrix, Rolling Stones, Cream ndi Deep Purple. Mkuwa unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse m'dzikomo, ndipo ndalama ya mkuwayo ndi imene idagula magitala a magetsi, n'kudzaza maholo ndi mabala pa mapeto a mwezi. Gulu loyimba m'tauni yotere silikhala ndi mpata wodzitsekera miyezi isanu. Limadya likayimba. Likapanda kusangalatsa munthu amene watuluka pansi pa nthaka madzulo omwewo, sabata yamawa eni holo aitana ena.

Amene adawatulutsira chimbale ndi Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola, munthu amene dzina lake limapezeka kumbuyo kwa mbale zambiri za Zamrock. Wotsogolera kujambula adali Billie Nyati. Malo ake adali Malachite Film Studios ku Chingola, tauni ya mgodi wa Nchanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Kitwe. Mvetsetsani dzinalo: idali situdiyo ya mafilimu, osati nyumba yomangidwira magulu a rock, ndipo malachite ndi mwala wobiriwira uja umene mumachokera mkuwa. Ngakhale dzina la pakhomo lidali la mgodi. Ndipo ntchito yonse idatenga masiku atatu.

Tachitani samu, awerengi. Nyimbo 12 m'masiku atatu ndiye kuti zinayi pa tsiku, kuphatikizapo kuyika mamayiki, kuchuna magitala, kudya nsima ndi kukonza chingwe chikavuta. Palibe nthawi yopekera chilichonse m'menemo. Nyimbo iyenera kufika itapsa kale, itaphikidwa m'maholo usiku ndi usiku. The Beatles adasiya nsanja kuti akapange chimbale. A Amanaz adangopatukira ku situdiyo ali pa ulendo wochoka pa nsanja ina kupita pa ina. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumandichititsa kukayikira dzina lija la psychedelic. Sindikunena kuti m'makomboni a ku Copperbelt munkakhala angelo okhaokha, fodya wamkulu adalipo monga kwina kulikonse. Koma chimene chikulemera m'nyimbozi si chizungulire cha munthu wokhuta amene akufunafuna zachilendo m'mutu mwake. Ndi kutopa.

Ndipo chaka cha 1975 chidali chotopetsa ndithu. Mtengo wa mkuwa umene udakwera kwambiri kumayambiriro kwa 1974 udagwa pafupifupi ndi theka, pamene mtengo wa mafuta udali utakwera kale. Malire a dzikolo ndi Rhodesia adali otseka chiyambire January 1973, katundu akuvuta kulowa. Dziko lidali pansi pa chipani chimodzi kuyambira December 1972. Komabe pakati pa zaka zomwezo Kenneth Kaunda, amene nayenso ankakonda kugwira gitala, adalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oyimba a m'dzikomo. Iye mwina ankaganiza za nyimbo za makolo, koma lamulolo lidatsegulira khomo anyamata a tsitsi la nyankhalala ndi mabuluku otambalala kumiyendo, poti wailesi inkafuna chodzazira maola. Kuno kwathu zaka zomwezo mnyamata wa tsitsi lotero akadakumana ndi lumo la boma asanatuluke pa Chileka. Ndiye tisamadabwe kuti rock yamtunduwu idamera tsidya lija la Mchinji osati tsidya lino. Mbewu idali yomweyo, alimi ake ndi amene adasiyana.

Tibwerere ku makutu. Chida chimene chimapatsa chimbalechi fungo lake ndi kabokosi kotchedwa fuzz, kamene woyimba gitala amaponda ndi phazi. Ntchito yake ndi yosavuta kumvetsa. Kamakweza mphamvu ya magetsi yochokera ku gitala mopitirira muyeso umene matiranzisita ake angathe kunyamula, nsonga za mafunde a mawu n'kudulika, ndipo chotuluka chimakhala phokoso lokhakhala, lokhalitsa, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Kampani ya Gibson idayamba kugulitsa kotere mu 1962, koma kadatchuka mu 1965 Keith Richards atakagwiritsa ntchito mu Satisfaction. Kunena mwachidule, fuzz ndi kuwonongeka kwa mawu kochita kufuna. Ndi njira yotchipa kwambiri yochititsa gitala limodzi kumveka ngati khamu. Amene alibe maola 700 ndi gulu la malipenga, ali ndi phazi.

Mverani History of Man pa mbale youma. Gitala limalowa ngati chigayo chikuyamba, lolemera, lobwereza kachigawo kamodzi osatopa, ndipo ng'oma za Lungu zili pamphumi pako, ukumva ndodo ikugunda chikopa. Sizikuyenda mofanana ngati makina ayi. Pena zimathamangirako pang'ono, pena besi imachita kuzikoka. Kukokanako ndi kumene kumandiuza kuti m'chipindamo muli anthu, akuyang'anana, akudziwa kuti mwayi wobwereza ndi wochepa. Ikani yankhungu ija. Ng'oma zabwerera m'mbuyo, mano a gitala aphimbika, zonse zayandama. N'zokoma, sindikana. Koma chigayo chija chasanduka mtambo. Ndipo mtambo ndi umene munthu wa ku Berlin kapena ku Tokyo amayembekezera akamva liwu loti psychedelic, choncho akaumva amagwedeza mutu kuti eya, ndachizindikira. Wazindikira chimene adabwera nacho yekha.

Ngati tikufuna m'bale wake wa chimbalechi ku Ulaya, tisapite ku Abbey Road. Tipite ku Birmingham, mzinda wa mafakitale, kumene kudachokera Black Sabbath. Chimbale chawo choyamba adachijambula tsiku limodzi mu October 1969, akuyimba zimene ankayimba kale m'mabala. Woyimba gitala wawo Tony Iommi adaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a fakitale ali ndi zaka 17. Anthu okulira pafupi ndi chitsulo ndi utsi amadziwa phokoso lolemera asanagule gitala. Wa ku Nkana sadafunikire kuphunzitsidwa ndi mzungu kuti nthaka imanjenjemera bwanji.

Apa mnzanga uja ali ndi mfundo imodzi imene ndidalephera kuigwetsa, ndipo chilungamo chikufuna ndiitchule. Chimbalechi si chaphokoso chokhachokha. Mtima wake uli mu nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, monga Sunday Morning ndi Khala My Friend. Yachiwiriyi ndi ya munthu amene akudandaulira bwenzi lake lomwe lasochera, kulipempha kuti libwerere. M'nyimbomo Khala akumveka ngati dzina la bwenzilo, koma khutu la Mchewa silingaleke kumva liwu lathu lija, loti usapite, bakhala pompano. Gitala lake n'lofewa, woyimba sakukuwa, akungolankhula ngati munthu amene wanena kale mawu omwewa kangapo osamveredwa. Mnzangayo akuti pa nyimbo imeneyi nkhungu ija ndi yoyenera, chifukwa imayika mtunda pakati pa woitana ndi woitanidwa, ukumva kuti bwenzilo lili kale patali. Ndidakhala chete kanthawi. Ndi zoona. Koma ndidamuyankha kuti pa mbale youma ukumva mpweya wa woyimba, ukumva pamene mawu ake akutsala pang'ono kuphonya, ndipo chisoni cha munthu amene ali pafupi nawe chimapweteka kuposa cha munthu wa kutsidya la mtsinje. Pa maliro amene amakuliza si uja akubuma kuseri kwa nyumba, koma uyu wakhala pambali pako akuyesetsa kudzigwira.

Ndisanamizire kuti chimbalechi n'chopanda banga. Masiku atatu ali ndi mtengo wake. Chakumapeto kuli nyimbo monga Making the Scene ndi Big Enough zimene kwa ine ndi zovala zobwereka: zasokedwa bwino, koma ukudziwa kuti mwini jekete ali ku London. Chingerezi chake pena chimakhala cha mawu ongotola m'mbale za ena, oti woyimba sakuwakhulupirira kwenikweni. Gulu likadapatsidwa sabata ina imodzi, kapena munthu wolimba mtima woti anene kuti iyi isiyeni, mwina ziwiri zikadatsala panja. Amene amatamanda chilichonse cha Zamrock ngati chidagwa kumwamba sakuwalemekeza anyamatawa. Akuwachitira ngati ana oti ukawaombera m'manja basi zatha. Adali akatswiri ogwira ntchito mothamangitsidwa ndi nthawi, ndipo pena zikuoneka.

Koma akatembenukira ku Chibemba, msana umawongoka. Nyimbo zitatu, Nsunka Lwendo, Africa ndi Kale, ndi zimene sungazipeze pa chimbale china chilichonse cha ku England kapena ku America, ngakhale utafufuza chaka chonse. Mu Nsunka Lwendo kagundidwe kake si ka rock ya ku Ulaya kongoguba ngati asilikali; kakupendekeka, kakuzungulira, ngati ng'oma za kumudzi zimene zimakuvinitsa m'chiuno osati m'mapewa. Pamwamba pake gitala la fuzz limayenda ulendo wautali osafulumira kufika. Apa chida chobwereka chasiya kulankhula chinenero cha eni ake. Ngati pali chizungulire m'chimbalechi ndi chimenechi, ndipo gwero lake ndi lakale kuposa LSD: aliyense amene adachezerapo pa bwalo ng'oma zikubwereza chinthu chimodzi mpaka mbandakucha akudziwa kuti kubwereza kumautenga mutu n'kupita nawo kwina. Sitidafunikire dokotala wa ku Canada kuti atipatse liwu lake. N'zosadabwitsa kuti pamene woyimba wa ku America Travis Scott ankafuna kachigawo koti adule n'kuyika mu nyimbo yake Sirens mu 2023, adatenga mu Nsunka Lwendo, osati mu zija za jekete lobwereka. Chaka chotsatira Tyler, the Creator nayenso adatenga mawu a Chinyanja a Paul Ngozi ndi Ngozi Family n'kuyika mu Noid. Amadziwa pamene pali mafuta.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Amanaz sidatulutsenso chimbale china. Gulu lidabalalika posakhalitsa. Chuma cha Zambia chidapitirira kutsika, disiko ndi kalindula zidalanda maholo, makaseti okopera adapha msika wa mbale, kenaka Edzi idakolola oyimba a m'badwo umenewo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mosasiya ndi mbewu yomwe. Pamene chimbalechi chinkatulukanso mu 2015, mwa asanu aja Kabwe, amene adali atakhala m'busa, ndi Mpofu adali akadali moyo. Mbale zoyambirira zidasanduka chuma cha osonkhanitsa zakale a kunja, pa mitengo imene oyimbawo sadaionepo m'manja mwawo nthawi imene ankazijambula. Khala My Friend idamvekanso mpaka mu sewero la pa kanema la Ted Lasso.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindingakhale wosayamika. Pakadapanda a Shadoks a ku Germany amene adayamba kuchitulutsanso, ndi a Now-Again amene adafunafuna eni nyimbo, bwenzi chimbalechi chili m'chikumbumtima cha madala ochepa okha, ngati malume anga aja, amene mbale yawo idathera kuvindikira ndowa. Ife eni dera tidazitaya tokha nyimbozi, tisaloze chala wina. Dandaulo langa n'lakuti kalumo kakuthwa kamameta m'mene mwini kalumo akufunira. M'masitolo a kunja chimbalechi amachiyika pa shelefu ya psychedelic, pambali pa magulu a ku California, ndipo wolemba aliyense amathamangira kunena kuti chikufanana ndi Velvet Underground, ngati kuti chinthu cha ku Kitwe sichingaime chisanapezeredwe malume wake ku New York. Mwana wa ku Lusaka kapena wa ku Ndirande akachipeza lero pa foni, amachilandira chitavekedwa kale dzina limeneli, n'kumaganiza kuti agogo ake ankayesera kukhala azungu ndipo adatsala pang'ono kukwanitsa. Pamene chimene chidachitika ku Chingola n'chakuti amuna asanu odziwa ntchito yawo adalowa m'nyumba ya mafilimu, n'kusiya pa tepi m'masiku atatu kamvekedwe ka tauni ya mgodi m'chaka chimene ndalama idayamba kuthawa. Nkhungu ija idathiridwa ku Zambia komweko, sindikunamizira mlendo kuti ndiye adaibweretsa. Ngakhale Sgt. Pepper idatuluka mitundu iwiri, ya sipika imodzi imene eni ake adakhalapo poisakaniza, ndi ya masipika awiri imene adasiyira akatswiri a makina, ndipo dziko lidazolowera yachiwiriyo. Zimachitika. Koma pamene zonse ziwiri zili pa tebulo, woyamba kumva ayambe ndi youma, aone nkhope, kenaka ngati akufuna akaone chithunzi chopakidwa utoto.

Chimbalechi chimatseka ndi Kale, liwu limene Mbemba ndi Mchewa amamvana popanda womasulira. Ndi nyimbo yodekha, yolemera ngati ya pa siwa, ndipo imatha mosachita mwambo, ngati anthu angoyika zida pansi poti nthawi imene adalipira yakwana. Usiku uja tidaimvera kawiri, youma ndi yankhungu, kenaka mnzangayo adapempha kuti tibwerezenso youma, akuti pali chimene akufuna kutsimikiza pa besi. Itatha sadanene kanthu za besiyo. Adangofunsa ngati malume aja adakali moyo, ndipo nditamuuza kuti adatisiya kalekale, adatenga foni yake n'kunena kuti minibasi zitha.